Kusamala makakito ndi masukulenta pakhonde kuno ku Tete, mmene ndimachitira ine

Anthu akabwera kwathu kuno ku Moatize nkuona timiphika tanga tili ndandanda pakhonde funso lawo limakhala limodzi, mana mumathirira kangati kuti zizioneka chonchi? Ndikawauza kuti pena pamatha masabata awiri osathira olo dontho amaona ngati ndikuwabisira kanthu. Nde ndati ndilembe zonse pano, kuyambira popeza mbewu mpaka pochulukitsa, kuti amene akufuna kuyamba asaluze ngati mmene ndinaluzira ine chaka choyamba. Zinandifera zisanu ndi ziwiri mvula imodzi, zonse kuwola kuyambira pansi, mpaka lero zimandiwawa ndikakumbuka chifukwa imodzi anandipatsa ndi malemu agogo anga. Panalibe olo imodzi yomwe inafa ndi ludzu, zonse anali madzi ndi dothi losunga madzi.

Poyamba dziwani chomwe mwagwira

Kuno chilichonse cha minga timangoti kakito, ena amati kakitasi, koma si zonse ayi. Kakito weniweni kwawo ndi ku America, makamaka ku Mexico ndi maiko a kumwera kwake, kuno anachita kubwera naye anthu, ngakhale uja wa masamba afulati wobereka zipatso za timinga tosaoneka amene ena amapangira mpanda ndi mlendo. Muyang'anitsitseni muona kuti minga yake simera mwachisawawa, imatuluka pa timaso tofewa ngati tathonje, kadiso kalikonse ndi kagulu kake ka minga, ndipo maluwa ndi ana amatulukiranso pomwepo. Zathu zofanana naye, monga nkhadze ndi mitengo ija ya nthambi zoloza kumwamba imene imamera m'miyala m'mapiri mwathu muno, ndi mtundu wina, m'mabuku amati Euphorbia. Mukazikanda zimatuluka mkaka woyera, ndipo chonde abale anga mkaka umenewu si wosewera nawo. Ukagwa m'maso umawotcha koopsa munthu mpaka kukhala masiku osaona bwino. Zikachitika tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali kenako thamangirani kuchipatala. Ngati pakhomo pali ana aang'ono okwawa zimenezi ziikeni pamwamba kapena muyambe mwazisiya kaye.

Masukulenta ndi dzina la zonse zosunga madzi m'masamba, m'tsinde kapena m'mizu. Mlambe womwewu ndi mmene umapulumukira chilimwe, umasunga madzi m'thunthu. Zambiri mwa izi masana zimatseka timabowo take topumira kuti madzi asathawe nkumatsegula usiku kukazizira, nchifukwa chake zimapirira koma nchifukwa chakenso zimakula pang'onopang'ono. Musazikakamize.

Yambani ndi zosavuta

Ngati muli kumunsi kuno, Tete, Moatize, Changara, komwe Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, yambani ndi alovera, espada de São Jorge ija ya masamba aatali olimba ngati lupanga, Kalanchoe wobereka tiana m'mphepete mwa tsamba (ameneyu kwawo ndi ku Madagascar), ndi rosa do deserto. Rosa do deserto ndiye wanga wapamtima, dzina lake ndi Adenium ndipo mtundu wina wake umamera wokha m'chigwa cha Zambezi chomwechi, nthawi yozizira umayoyola masamba onse nkutsala tsinde lotupa ngati kamlambe kenako nkuphulika maluwa oyera a m'mphepete mofiira, kukongola kwake eee. Nayenso utomoni wake ndi poizoni, sambani m'manja mukamudula. Kulinso Stapelia, timitsinde tofewa topanda minga yobaya, duwa lake ngati nyenyezi yaikulu ya ubweya koma limanunkha nyama yowola chifukwa limaitana ntchentche osati njuchi, ameneyu musamuike pafupi ndi pomwe mumadyera.

Tija tokongola ngati duwa la rozi ta masamba otuwa, Echeveria, timene timadzadza pa Facebook, kumunsi kuno timavuta. Timafuna usiku wozizira, kukatentha usana ndi usiku timangoima osakula ndiye mukathirira timasungunuka ngati phala. Koma mkulu wanga ku Ulongué timamukhalira bwino zedi mpaka kudzadza beseni, chifukwa ku Angónia ndi ku Tsangano ndi kumtunda kozizira. Choncho musamangokopera malangizo a munthu osafunsa kaye kuti iyeyo amakhala kuti, chigawo chathu chimodzi chomwechi chili ndi nyengo ziwiri zosiyana kutalitali.

Mbewu musavutike nkugula poyamba. Pemphani kamwana kapena kanthambi kwa aneba, kutchalitchi, m'magulu a WhatsApp, anthu okonda zomera sakaniza ndipo mukachulukitsa mudzasinthana. Chomwe ndikupempha ndi chimodzi, osakazula zikuluzikulu za m'tchire. Rosa do deserto wamkulu wa m'miyala watenga zaka zambiri kuti afike pamenepo ndipo ambiri akazulidwa amafa basi. Komanso amene mumadutsa pa Zóbuè kapena pa Calomue dziwani kuti chomera sichiwoloka malire opanda mapepala a zaulimi, ndipo makakito ndi mitundu ya aloe ya m'tchire, abale ake a alovera, ili pansi pa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama za m'tchire pakati pa maiko lomwe linasainidwa mu 1973.

Mphika

Chilichonse chomwe mubzalemo chikhale ndi mabowo pansi, apa palibe kukambirana. Vazo yokongola yopanda bowo ndi manda a kakito. Wabwino kuposa onse ndi mphika wadothi wowumba amayi akumudzi, olo wong'aluka womwe anasiya kuphikira, chifukwa umapuma ndipo dothi limauma msanga, bowolani pansi pang'onopang'ono ndi msomali mutaunyowetsa kaye kuti usasweke. Zitini ndi mabotolo odula zimagwira ntchito, bowolani ndi msomali wamoto mabowo anayi kapena asanu. Koma kumunsi kuno chitini kapena pulasitiki yakuda ikakhala padzuwa la masana imaphika mizu, igwireni nokha 1 koloko masana mumve. Ngati mulibe china ikani chitinicho mkati mwa mphika wina waukulu kapena chikulungeni ndi chiguduli cha saka.

Mphika usakule kwambiri. Pakati pa chomera ndi m'mphepete pakhale malo a zala ziwiri basi. Mphika waukulu ndi dothi lambiri, dothi lambiri limasunga madzi omwe timizu tochepa sitingamwe, kuwola kumayambira pamenepo.

Dothi, apa ndiye pagona nkhani

Dothi la kudimba, lamakande, la pachulu, zonsezi ayi. Likanyowa limamata ngati nsima, likauma limalimba ngati njerwa. Ine ndimasakaniza chonchi, muyezo wake chitini chimodzi chomwecho: zitini ziwiri za mchenga wa kumtsinje wokhakhala uja wa timiyala, chitini chimodzi cha njerwa zowotcha zoswa tizidutswa ngati njere za chimanga kapena nyemba, chitini chimodzi cha dothi lakuda la pansi pa mtengo pomwe masamba anawolerana kalekale, kenako dzanja limodzi la makala osinja osati mpaka ufa, akhale timibulu. Mchenga ndimakatenga ku Revúbuè madzi akaphwera, ndimausefa nkutaya wosalala uja wonga ufa chifukwa umatseka mpweya, nkutsuka wotsalawo mu ndowa mpaka madzi ayere. Njerwa nazonso sefani fumbi lichoke. Mchenga wosalala wopakira pulasitala musagwiritse ntchito, ambiri amalakwitsa pamenepa poganiza kuti mchenga ndi mchenga.

Mukasakaniza yesani. Nyowetsani pang'ono, fumbatani m'manja mwamphamvu nkutambasula. Likagumuka lokha lili bwino, likatsala chibumi ngati mbamu onjezerani mchenga ndi njerwa. Kuyesa kwina dzadzani mphika nkuthira madzi kapu imodzi, ayenera kuyamba kutuluka pansi musanamalize kuwerenga mpaka 10. Akaima pamwamba ngati chithaphwi dothilo silinafike. A ku Angónia, Tsangano ndi Furancungo komwe mvula ndi yambiri chepetsani dothi lakuda likhale theka la chitini, a kumunsi kuno mutha kusiya chitini chathunthu chifukwa kuno kumauma msanga. Manyowa a nkhuku kapena a mbuzi aawisi osaika, amawotcha mizu ndipo amaitana chiswe.

Kudula ndi kuumitsa bala

Mwapatsidwa kanthambi kapena kamwana, mtima umafuna kubzala tsiku lomwelo nkuthirira. Osatero. Dulani bwinobwino ndi lezala yatsopano kapena mpeni wakuthwa womwe mwaupukuta ndi alikolo wa ku famasi kapena kuuwambitsa pamoto, pakani phulusa kapena ufa wa makala pabalapo, nkuika pamthunzi pouma podutsa mphepo, pa lichero kapena pa katoni. Tating'ono masiku atatu mpaka asanu, kakito wonenepa sabata imodzi olo awiri, mpaka balalo liume likhale ndi nkhanambo yolimba mukaligwira. Sichifa, chili ndi madzi ake mkati. Bala laliwisi likakhudza dothi lonyowa ndi khomo lolowera kuwola.

Pogwira kakito pindani nyuzi kapena katoni kangapo ikhale ngati lamba nkumuzunguliza, mugwire nsonga za lambayo. Timinga tosaoneka tija tikakulowani musakande, matani selotepi pamalopo nkumatula, bwerezani kangapo.

Kubzala

Ikani kaphale kopindika pabowo kuti dothi lisatuluke koma madzi azidutsa. Thirani dothi louma, osati lonyowa. Chomera chisamire, chikhale pomwe chinalekezera kale, ngati ndi nthambi yopanda mizu ingoilowetsani pang'ono ngati kachigawo kamodzi ka chala nkuichirikiza ndi timiyala kapena kamtengo kuti isagwe. Rosa do deserto tsinde lotupalo likhale pamwamba pa dothi. Pamwamba yalani timiyala kuti khosi la chomera lisamakhudze chinyezi, zimathandizanso nkhuku zikafuna kupalasa. Mukatha siyani sabata yathunthu osathirira, pamthunzi wowala. Yopanda mizu dikirani masabata awiri kapena atatu, mukaikoka pang'ono nkumva kuti yagwira ndiye kuti mizu yatuluka, yambani kuthirira.

Dzuwa

Anthu amati kakito ndi wa m'chipululu ndiye amuike pamtetete. Wamkulu wozolowera inde, koma wa mumphika amene wachokera pakhonde la munthu mukamuika padzuwa la Okutobala la ku Tete tsiku limodzi lokha amapsa, amachita zigamba zoyera kenako zofiirira ndipo chipsera chimenecho sichichoka. Malo abwino ndi khonde loyang'ana kum'mawa, dzuwa kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 10 kapena 11, masana mthunzi. Pansi pa mtengo wa masau kapena wina wa mthunzi wa mawangamawanga palinso bwino. Pozoloweza onjezerani dzuwa pang'onopang'ono kwa masabata awiri. Osaziika pafupi ndi malata kapena khoma lomwe limatentha madzulo.

Mbali inayi, m'nyumba mwa mdima zimafooka. Mukaona chikutalika, kuwonda kunsonga, mtundu kuyera, masamba kutalikirana, chikusaka kuwala chitulutseni. Mwa zomwe ndatchulazi, espada de São Jorge ndi amene amapirira pabalaza. Alovera akafiira masamba ndiye kuti dzuwa lamuchulukira, msunthireni kumthunzi abwerera kubiriwira.

Kuthirira

Lamulo langa ndi ili, thirirani kwambiri koma mwa apo ndi apo. Tsiku lothirira thirani mpaka madzi atuluke pansi, dothi lonse linyowe, kenako osagwiranso mpaka liume mpaka pansi. Kuwaza timadzi pang'ono tsiku ndi tsiku ndi komwe kumawononga, pamwamba pamakhala chinyezi nthawi zonse pomwe mizu yapansi siilandira kanthu. Kuti mudziwe ngati lauma musakhulupirire maso, tengani kamtengo kowuma kosenda, lowetsani mpaka pansi pa mphika, dikirani pang'ono nkuzula. Kakatuluka kozizira kapena ndi dothi lomata, dikirani. Kakatuluka kouma mbee, dikiranibe masiku awiri kenako thirirani. Mukazolowera mudzayamba kudziwa pongonyamula mphika, wouma umapepuka.

Kwa ine kuno ku Moatize nthawi yotentha zimakhala pafupifupi sabata iliyonse kwa timiphika tating'ono, masiku 10 kapena kuposa kwa ikuluikulu. Juni ndi Julayi kamodzi pa masabata atatu kapena anayi, ndipo rosa do deserto akayoyola masamba ndimangomusiya pafupifupi osamupatsa. Mkulu wanga ku Ulongué nthawi yozizira amatha mwezi ndi theka. Thirirani madzulo dzuwa litapepa kapena m'mamawa, osati masana dothi lili moto, ndipo thirani padothi osati pamutu, madzi akaima pakati pa masamba a alovera kapena Echeveria mtima umawola. Mbale yapansi ikhuthuleni, mphika usakhale m'madzi.

Madzi a pamjigo ena ndi amchere, mudzaona zoyera zikuchita nkhanambo pamphika ndi padothi. Mvula ikamagwa tchingirani madzi a padenga mu ndowa yovundikira, mvula yoyamba yotsuka fumbi isiyeni ipite.

Chomera chimalankhula. Chikakwinyika, masamba kupyapyala koma olimba, ndi ludzu, chithirireni mawa lake chidzakhuta. Chikafewa, masamba achikasu oonekera ngati madzi, kuthothoka mukangokhudza, tsinde kuda pansi, amenewo ndi madzi ochuluka ndipo muchite changu. Zulani, sasani dothi lonse, dulani chowola chonse kukwera m'mwamba mpaka mupeze mnofu woyera wopanda kadontho kakuda olo kamodzi, mukupukuta mpeni paliponse mwadula, pakani phulusa, umitsani sabata kapena awiri nkubzala mu dothi latsopano louma. Dothi lakalelo tayani kutali. Ndapulumutsa zambiri motere, ya agogo ija ikanapulumuka ndikanadziwa.

Mvula ndi chisanu

Kuyambira Disembala mpaka Malichi zonse zilowe pakhonde kapena pansi pa denga. Mvula ya tsiku limodzi kenako dzuwa siwononga, rosa do deserto amaikonda ndithu chifukwa ndi nthawi yake yokula, yoopsa ndi mvumbi wa masiku atatu anayi wa mu Januwale ndi Febuluwale. Miphika ikwezeni pa njerwa kapena pathandala kuti isakhale pamatope, pansi pazidutsa mphepo ndipo chiswe chisalowere kubowo. Musazithinanitse. A kumtunda mu Juni ndi Julayi usiku wa chisanu zilowetseni kapena fundikani ndi chitenje chakale, dothi likhale louma, chonyowa ndi chomwe chimapsa ndi chisanu msanga.

Tizilombo

Mdani wamkulu ndi tizilombo toyera ngati thonje tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, timabisala m'makwinya ndi m'munsi mwa masamba, pena m'mizu momwe. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pachomera fufuzani, zimatsata madzi otsekemera omwe tizilomboti timatulutsa ndipo zimatisamutsa kuchoka mphika uwu kupita uwo. Patulani chodwalacho, nyikani kathonje mu alikolo nkupukuta kamodzikamodzi, chitani madzulo ndipo chikhale pamthunzi mawa lake, bwerezani pakatha sabata mpaka katatu chifukwa mazira amatsalira. Zikakhala m'mizu tsukani mizu yonse, umitsani masiku angapo nkusintha dothi ndi mphika womwe. Chilichonse chatsopano chikhale pachokha masabata awiri chisanasakanikirane ndi zinzake.

Mbuzi nazo musazidalire kuti ziopa minga, nthawi ya chilimwe zimadya ndithu, ikani pamwamba kapena mkati mwa mpanda. Kuno kwathu kulinso fumbi la malasha lomwe limadetsa chilichonse, ine ndimasasa ndi kaburashi kofewa kopentera kamodzi pa sabata. Koma za masamba otuwa ngati zapakidwa ufa musazipukute ndi chala, ufawo ndi chitetezo chake ku dzuwa ndipo ukachoka pa tsambalo subwereranso.

Kuchulukitsa

Apa ndi pokoma. Alovera amabereka ana m'mbali, dikirani mwana afike ngati chikhatho ndipo akhale ndi timizu take, mpatuleni, umitsani masiku awiri atatu, bzalani. Tsamba la alovera lokha silimera, limangowola, musataye nthawi. Espada mutha kugawa chitsa kapena kudula tsamba zidutswa zotalika ngati chala nkubzala mbali yomwe inali pansi ikhale pansi, imachedwa miyezi koma imatuluka. Echeveria ndi zina za masamba onenepa thyolani tsamba lathunthu popotokola pang'ono kuti lichoke ndi kadiso kake, ligonekeni pamwamba pa dothi louma pamthunzi osakwirira, pakatha masabata angapo mudzaona timizu tofiirira ndi kamwana kakang'ono ngati njere ya mapira kumapeto kwake, tsamba lakale lisiyeni mpaka lifote lokha chifukwa ndi lomwe likuyamwitsa. Kalanchoe safuna nkomwe thandizo, tiana timagwa tokha nkumera paliponse, samalani asadzadze m'miphika ya zinzake ndipo musamutayire kutchire kapena komwe ziweto zimadya chifukwa amafalikira ndipo ndi poizoni kwa ziweto.

Rosa do deserto wa nthambi amachita maluwa msanga koma satupa bwino pansi, ngati mukufuna tsinde la kamlambe lija fesani njere. Zikhokho zake zimatuluka ziwiriziwiri ngati nyanga, zikayamba kukhwima zimangeni ndi ulusi kapena valikani sokosi yakale chifukwa zikasweka njere zimauluka ndi mphepo, zili ndi ubweya mbali zonse ziwiri. Chotsani ubweyawo, gonekani njere pa mchenga wonyowa nkuwaza wina pang'ono pamwamba, fesani zikadali zatsopano nthawi yotentha. Izi zokha ndi zomwe zimafuna chinyezi tsiku ndi tsiku mpaka zitamera, kawirikawiri mkati mwa sabata kapena awiri.

Chakudya sizifuna chambiri. Kamodzi kapena kawiri nthawi yokula, kuyambira Okutobala, kasupuni ka manyowa owolerana bwino pamwamba pa dothi ndi kokwanira, feteleza wa chimanga ngati ureya amazitupitsa nkukhala zofewa zosachedwa kuwola. Pakatha zaka ziwiri, kapena mukaona mizu ikutuluka kubowo, samutsirani mu mphika wokulirapo pang'ono ndi dothi latsopano, nthawi yabwino ndi Seputembala kuzizira kutatha mvula isanayambe. Siyani kuthirira sabata imodzi musanasamutse kuti dothi ligumuke mosavuta, dulani mizu yakufa, ndipo mukabzala dikiraninso sabata musanathire madzi. Rosa do deserto pomusamutsa mkwezeni pang'ono kuposa pomwe anali kuti mizu yonenepa ija iyambe kuonekera pamwamba, milungu yoyamba muiphimbe ku dzuwa la masana chifukwa khungu lake likadali lanthete.